Mmene mungawerengere ndalama zomwe takisi yanu imadya pa kilomita iliyonse

Ndalama yomwe imakhala m'thumba dzuwa likamalowa si yonse yomwe ili yanu. M'kati mwake muli ya mafuta a mawa, ya oyilo, ya matayala omwe akuperepeseka pang'onopang'ono, ya inshuwalansi yomwe ithe miyezi ikubwerayi, komanso ya galimoto ina yodzalowa m'malo mwa iyi ikadzatopa. Eni takisi ambiri amadziwa bwino ndalama yolowa, koma mukawafunsa kuti galimoto yawo imadya zingati pa kilomita imodzi, yankho silibwera. Chonsecho nambala imeneyo ndi yomwe imakuuzani ngati hayala ya ku bwalo la ndege yakupindulirani, kapena mwamuperekeza munthuyo ndi ndalama zanu.

Malangizowa tawalemba poganizira galimoto zing'onozing'ono za petulo zomwe zadzaza m'misewu ya ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba: Sienta, Vitz, Passo, Note, Fit ndi zinzake. Mitengo yonse yomwe tiike m'munsimu ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inu mufufutemo n'kuikamo ya lero, ya kwanuko.

Yambani ndi kope

Gulani kope la sukulu, lizikhala m'galimoto momwemo. M'mawa uliwonse, musanalize injini, lembani tsiku ndi nambala ya mileji yomwe ili padashibodi. Madzulo lembaninso mileji, ndalama yolowa, ndi chilichonse chomwe chatuluka: mafuta, kumata tayala, kutsukitsa galimoto, ya pamalo oimikira, ya anyamata oitanira pasiteji, eyataimu ndi bandulo yomwe mumalumikizirana ndi makasitomala. Tating'onoting'ono timeneti ndi tomwe timaiwalika, ndipo pakutha pa mwezi timakwana ndalama yochitira sevisi. Ulendo uliwonse wa hayala muzilembanso makilomita omwe munali ndi munthu m'galimoto. Chifukwa chake muchiona posachedwa.

Ngati mileji ya galimoto yanu inafa, ikonzetseni kaye. Popanda iyo zonse zotsatirazi zikhala zongoganizira.

Yezani mafuta, musadalire muvi wa padashibodi

Mafuta ndiwo amatenga gawo lalikulu kuposa china chilichonse, choncho pano tikhalitsapo.

Pitani pafilingi sitesheni, mudzaze thanki mpaka pampu idule yokha koyamba. Musalole kuti azikakamizamo ena pamwamba, kapena kugwedeza galimoto kuti alowe ambiri. Lembani mileji. Gwirani ntchito monga mwa nthawi zonse kwa masiku awiri kapena atatu, kenaka bwererani papampu yomweyo, mudzazenso mpaka idule koyamba. Malita omwe alowa ulendo wachiwiriwu ndiwo mwawotcha. Gawani makilomita omwe mwayenda ndi malitawo. Ngati mwayenda makilomita 360 ndipo alowa malita 30, galimoto yanu ikuyenda makilomita 12 pa lita. Bwerezani katatu, chifukwa sabata ya mvula ndi matope siifanana ndi sabata ya maulendo a pamsewu wa M1.

Ambiri amathira a ndalama zochepa kangapo patsiku, muvi uli pansi nthawi zonse. Kuthira kotere kumabisa kadyedwe ka galimoto, ndipo kumawononga. Pampu ya petulo ili m'kati mwa thanki, ndipo petulo yemweyo ndi amene amaiziziritsa. Ikamagwira ntchito thanki ili pafupi kuuma imatentha, imakokanso zinyalala za pansi, mapeto ake tsiku lina galimoto imangozima pakati pa msewu muli makasitomala. Yesetsani kuti muvi usamatsike kupitirira kota.

Mtengo wa papampu amalengeza ndi a MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndipo inu simungausinthe. Zomwe mungasinthe ndi izi. Tayala lopanda mpweya wokwanira limalemetsa galimoto. Mpweya woyenera unalembedwa pakapepala kamene kali pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Injini yongolira galimoto itaima imamwabe mafuta, kupitirira theka la lita pa ola, ndiye pasiteji kapena pamzere wa mafuta zimitsani. Filita ya mpweya yodzaza fumbi ndi mapulagi otopa zimawonjezera kamwedwe. Palinso chizolowezi china chomwe tikuchitsutsa poyera: amakaniko ena amachotsa thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini, ati kuti injini isamatenthe. Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, kompyuta ya galimoto imaganiza kuti kukadali kozizira n'kumatumiza petulo wambiri, ndipo mumalipira kusiyana kumeneko tsiku lililonse. Ngati injini ikutentha, vuto lili pa ladiyeta, pa fani, pa pampu ya madzi kapena pena pomwe pakudontha, pakonzedwe pamenepo.

Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira kawirikawiri kuyambira mu 2022, mtengo weniweni wa lita umakwera ngakhale wa papampu usanasinthe, chifukwa tsiku lomwe mwagona pamzere ndi tsiku lomwe simunanyamule munthu. Masiku oterowo muziwalemba m'kope. Petulo wa m'zigubu ndi wokwera mtengo, ndipo simudziwa chomwe chasakanizidwamo: madzi, palafini kapena fumbi la m'chigubumo. Zikavutitsitsa kuti mugule, sefani ndi nsalu yoyera pothira, ndipo kasitomala adziwiretu kuti mtengo wa ulendowo wakwera chifukwa chiyani.

Tiyerekeze tsono kuti lita ili pa K5,000. Pa makilomita 12 pa lita, mafuta okha akudya K417 pa kilomita.

Makilomita opanda munthu

Apa ndi pomwe ambiri amaluzira osadziwa. Kuchokera m'tauni ya Lilongwe kukafika ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 25. Kasitomala amaona 25 amenewo, koma galimoto imayenda 50, pokhapokha mutapeza wina wobwerera naye. Chimodzimodzi ulendo wochokera ku Blantyre kupita ku Chileka, kapena kukatenga munthu ku Area 49 inu muli ku Old Town. Pakutha pa mwezi, phatikizani makilomita omwe munali ndi munthu, muyerekeze ndi makilomita onse a pamileji. Mukapeza kuti ndi theka lokha, ndiye kuti kilomita iliyonse yolipidwa iyenera kulipirira makilomita awiri. A Sienta onyamula anthu pamsewu umodzi kupita ndi kubwera aziwerenga mipando: pa maulendo khumi, ndi mipando ingati yomwe inayenda yopanda munthu?

Sevisi

Galimoto yoyenda makilomita 150 patsiku, masiku 26 pamwezi, imakwanitsa makilomita 3,900 pamwezi, kapena kuti 46,800 pachaka. Ndi fumbi lathuli, kuima ndi kunyamuka kwa m'tauni komanso kutentha kwa mwezi wa Okutobala, oyilo ndi filita yake zizisinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse. Ndiye kuti sevisi kasanu ndi kanayi pachaka. Injini ya 1NZ-FE yomwe ili mu Sienta yakale imalowa oyilo wosakwana malita 4, choncho chigubu chimodzi cha malita 4 chimakwana. Injini ya 1KR-FE ya mu Passo ndi Vitz imalowa malita ongopitirira pang'ono 3. Gulani oyilo wotsekedwa bwino pamalo odziwika, muime pomwepo pamene akuthira. Oyilo wopungulira m'mabotolo ndi wotsika mtengo lero lokha. Injini zimenezi zili ndi tcheni cha m'kati choyendetsa mavavu m'malo mwa lamba, ndipo tchenicho chimadalira oyilo woyera. Mukamachedwetsa sevisi chimayamba kulira m'mawa, kenaka ndalama yake imakhala ina.

Filita ya mpweya muziichotsa sabata iliyonse n'kuigwedeza pang'ono fumbi lichoke, ndipo ikada kwambiri musinthe. Mapulagi wamba amatha pa makilomita 20,000 mpaka 30,000. A iridium enieni amakhalitsa kwambiri, koma achinyengo ndi ambiri pamsika, ndiye mtengo ukatsika modabwitsa, asiyeni.

Chenjezo lalikulu lili pa giyabokosi. Galimoto zambiri mwa zimenezi zili ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, yomwe imafuna mafuta akeake. Ya Toyota ili ndi ake, ya Nissan ili ndi ake otchedwa NS-2 kapena NS-3 malinga ndi mtundu wa galimoto, ya Honda ilinso ndi ake. Wina akathiramo ATF, mafuta wamba a giyabokosi ya otomatiki, poti zonse ndi za otomatiki, lamba wachitsulo wa m'katimo amayamba kuterereka, galimoto imanjenjemera ponyamuka, imalira kwambiri koma osathamanga, ndipo mapeto ake ndi kugula giyabokosi ina. Pa ntchito ya takisi, mafuta a CVT asinthidwe pa makilomita pafupifupi 40,000, ndipo muwerenge nokha zomwe zalembedwa pachigubu asanathire. CVT imadananso ndi katundu wolemera komanso kukoka galimoto ina.

Mu ladiyeta muzithira coolant, madzi apadera oziziritsira injini. Madzi a pampopi kapena a pachitsime amachita dzimbiri ndi kutseka tinjira ta m'kati. Muvi wa kutentha ukakwera, kapena nyale yofiira ikayaka, imani pomwepo n'kuzimitsa. Makilomita awiri omwe mukufuna kumalizitsa kuti mutsitse kasitomala ndi okwanira kupsereza gasiketi ndi kupinda mutu wa injini. Musatsegule chivindikiro cha ladiyeta injini ili yotentha, chimawotcha.

Tiyerekeze kuti sevisi imodzi, pamodzi ndi gawo la mapulagi ndi mafuta a giyabokosi, ikukwana K150,000. Pa makilomita 5,000, ndi K30 pa kilomita.

Matayala ndi zam'munsi

Tayala la kaunjika limakopa chifukwa cha mtengo, koma funso ndi lakuti lidzayenda makilomita angati. Tayala la theka la mtengo lomwe litha pa kota ya ulendo wa latsopano ndi lodula kawiri. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Lomwe ladutsa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi limakhala louma, ndipo limatha kuphulika pa phula wotentha ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya. M'kati mwa mizeremo muli timabampu tosonyeza malire, pa mamilimita 1.6, mphira ukafanana nato, tayalalo latha. Lotupa pambali lichotsedwe tsiku lomwelo.

Muzisinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 10,000 aliwonse, ndipo mukagunda dzenje mwamphamvu, kaonetseni alayimenti, kutanthauza kulunjika kwa matayala. Tayala lodyeka mbali imodzi likukuuzani kuti alayimenti yachoka kapena tie rod end, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala, yatha. Kugula latsopano musanakonze chimenecho ndi kutaya ndalama. Matayala anayi a K150,000 lililonse, oyenda makilomita 40,000, akudya K15 pa kilomita.

Maenje ndi mahampu amadya mashoko, mabushi, ma ball joint ndi ma link. Pa sevisi iliyonse, makaniko alowe pansi ayang'ane mphira zomwe zimakuta ma CV joint, mfundo za zitsulo zopititsa mphamvu ku matayala. Mphira ikang'ambika, girizi amatuluka, mchenga umalowa, ndipo pakapita masabata ochepa mumamva "kha-kha-kha" pokhota. Kusintha mphira ndi ndalama yochepa. Kusintha CV joint yonse ndi kangapo kuposa pamenepo. Mapadi a mabuleki nawonso: akayamba kulira ngati chitsulo pa chitsulo ndiye kuti ayamba kale kudya disiki. Batire limakhala zaka ziwiri kapena zitatu. Zonsezi tiziike pa K1,000,000 pa makilomita 40,000, yomwe ndi K25 pa kilomita. Amene amayenda kwambiri m'misewu ya dothi awonjezerepo.

Sienta ili ndi malo a anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo dalaivala. Munthu wachisanu ndi chitatu ndi matumba a chimanga kumbuyo amabweretsa ndalama yooneka, koma amakhalitsa pansi masipuling'i, amatenthetsa giyabokosi, ndipo galimoto imachedwa kuima mukaponda buleki. Ngozi ikachitika mutapakira mopyola, mwapatsa a inshuwalansi chifukwa chokanira kulipira, ndipo amene avulale ndi anthu a eni.

Mapepala

Ndalama izi zimatuluka galimoto iyende kapena isayende. Lembani patsamba loyamba la kope pepala lililonse, mtengo wake ndi tsiku lomwe likutha: inshuwalansi, COF (chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), chilolezo chonyamulira anthu cha ku Road Traffic, laisensi ya dalaivala pamodzi ndi PrDP, chilolezo chake chonyamulira anthu, ndi zomwe khonsolo ya mzinda wanu kapena bungwe la pasiteji limafuna. Galimoto ya malonda imakhala ndi nambala yofiira. Kugwira ntchito ya takisi ndi mapepala a galimoto ya pakhomo kumaoneka ngati kupulumutsa ndalama mpaka tsiku la ngozi, pamene kampani ya inshuwalansi ipeza kuti munkanyamula anthu olipira pomwe munalembetsa kuti ndi yoyendera banja.

Mumvetsetse zomwe mwagula. Inshuwalansi ya third party imalipira anthu ena ndi katundu wawo, mpaka pa malire omwe alembedwa. Galimoto yanu siikonzedwa. Funsani mwachindunji ngati anthu okwera ali otetezedwa, angati, komanso mpaka ndalama zingati. Ya comprehensive imakonzanso yanu, koma pali gawo loyamba lomwe mumalipira nokha, lotchedwa excess, ndipo ndalama imeneyo iyenera kukhala ilipo. Chaka chilichonse onaninso mtengo wa galimoto womwe unalembedwa papepalalo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anasiya mtengo wakale papepala akanalandira ndalama yosakwana kugula galimoto yofanana nayo.

Ulendo wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre umadutsa pa zipata ziwiri zolipiritsa, pa Kalinyeke ku Dedza ndi pa Chingeni. Kupita ndi kubwera mulipira kanayi. Imeneyi muziiphatikiza pa mtengo wa hayala yomweyo, pamodzi ndi chakudya ndi malo ogona a dalaivala ngati agonako. Chindapusa cha apolisi a pamsewu chisakhale ndi mzere wake m'bajeti: nyale yakufa, tayala lotha, thirayango ndi chozimira moto zomwe mulibe, zonsezi n'zotsika mtengo kuzikonza kusiyana ndi kuzilipirira pamsewu mobwerezabwereza.

Tiyerekeze kuti mapepala onse akukwana K1,200,000 pachaka. Pa masiku 312 ogwira ntchito ndi K3,850 patsiku, kapena K26 pa kilomita. Galimoto ikakhala sabata ziwiri kugalaja, nambala imeneyi imakwera, chifukwa masiku ogawana ndalamayo achepa.

Galimoto nayo ikutha

Gawo ili silioneka m'thumba, n'chifukwa chake limasiyidwa. Kuno kwathu limabisikanso kwambiri: munthu amagula galimoto, patapita zaka zitatu n'kuigulitsa pa makwacha ochuluka kuposa omwe anagulira, ndiye amati sinatsike mtengo. Koma akapita kukaitanitsa ina kuchokera ku Japan, yodzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, yolipira ndi madola komanso msonkho wa MRA pamwamba, amapeza kuti ndalama yakeyo siikufika n'komwe.

Kawerengedwe koyenera ndi aka. Funsani mtengo wa lero wa galimoto yonga yanu yongofika kumene. Funsaninso mtengo wa lero wa galimoto yomweyo yomwe yagwira takisi zaka zitatu. Kusiyana kwake ndi komwe mukudya. Ngati yongofika ili pa K20,000,000 ndipo yotopa ili pa K11,000,000, ndiye kuti K9,000,000 ikupita pa makilomita pafupifupi 140,000, yomwe ndi K64 pa kilomita. Muzibwereza masamu amenewa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ngati galimoto munagula pa ngongole, chiwongoladzanja chiwonjezedwe pa ndalama za pachaka zija. Ya katapila isayerekezedwe n'komwe: palibe takisi yomwe ingapange phindu lothamanga ngati chiwongoladzanja chake.

Phatikizani

Mafuta K417, sevisi K30, matayala K15, zam'munsi ndi mabuleki K25, mapepala K26, kutha kwa galimoto K64. Zonse pamodzi ndi K577 pa kilomita, dalaivala asanalandire kanthu, mwini galimoto asanapeze phindu. Pa makilomita 150, galimotoyi iyenera kulowetsa K86,550 patsiku kuti ingobweza zomwe yadya. Ulendo wa ku Lumbadzi uja, kupita ndi kubwera, ukudya K28,850; mtengo wanu uyambire pamwamba pa imeneyo, muwonjezere ya nthawi yanu, ya kudikira ndege ikachedwa ndi ya geti. Ngati theka la makilomita anu ndi opanda munthu, kilomita yolipidwa isatsike pa K1,154.

Kuti musamayambirenso masamu nthawi zonse mitengo ikasintha, sandutsani nambalayi kukhala malita. M'chitsanzo chathuchi, pa K417 iliyonse ya mafuta pali K160 ya zina, ndiye kuti pa malita 10 aliwonse omwe mwawotcha, mtengo wa malita ena 4 uyenera kupatulidwa. Sipeya, oyilo ndi matayala zimachokera kunja monga petulo, ndipo nthawi zambiri zimakwera motsatizana naye.

Ngati galimoto ili ndi dalaivala

Ambiri amagwirizana za tageti: dalaivala abweretse ndalama yakuti patsiku kapena pasabata, yotsala ndi yake, mafuta athire yekha. Tageti imeneyo iyenera kuposa ndalama zonse zomwe si za mafuta. M'chitsanzo chathu ndi K160 kuchulukitsa ndi 150, yomwe ndi K24,000 patsiku; yoposera pamenepo ndiyo phindu lanu. Koma tageti ikakwera mopitirira zomwe msewu ungapereke, dalaivala amaipeza pothamanga, popakira mopyola ndi pogwira ntchito usiku ali ndi tulo, ndipo amene adzalipire mashoko ndi giyabokosi ndinu. Yendani nayo nokha galimotoyo sabata imodzi, kapena khalani pampando wa kutsogolo, muone ndalama yeniyeni ya msewuwo musanatchule nambala.

Mgwirizano ulembedwe, aliyense asunge pepala lake, pakhale mboni. Mulembemo malire a makilomita patsiku, madera omwe galimoto siiloledwa kupita osakuuzani, komwe igone usiku, ndi kuti palibe kupatsa mnzake chiwongolero. Chindapusa cha liwiro ndi kupakira mopyola ndi cha dalaivala. Cha mapepala otha ndi matayala otha ndi cha mwini galimoto. Tsiku la sevisi ndi tsiku logona pamzere wa mafuta lisawerengedwe tageti yonse, apo ayi dalaivala azibisa zovuta kuti galimoto isaime. Muziona mileji ndi maso anu sabata iliyonse, ndipo matayala ndi batire muzilembe manambala ake m'kope.

Patulani tsiku lomwelo

Ndalama ya zokonza ndi ya mapepala ichoke madzulo omwewo, isanafike kunyumba. Ikani pa nambala yapadera ya Airtel Money kapena Mpamba yomwe simugulira ndiwo, ndipo muziwerengeranso ndalama yomwe amadula potapa. Ya kutha kwa galimoto ipite ku akaunti ya kubanki kapena ku SACCO komwe siitapidwa mwachisawawa. Banki mkhonde ndi yabwino pa zina, koma ndalama ya zokonza imafunika tsiku lomwe pampu yafa, osati tsiku logawana. Popeza kwacha yosungidwa imachepa mphamvu, ndalama ya matayala ikakwana tayala limodzi, gulani n'kulisunga m'nyumba pamthunzi, kutali ndi dzuwa ndi mafuta. Chitaninso chimodzimodzi ndi oyilo, filita ndi mapadi a sevisi yotsatira.